Dzanja Limene Lisankha Zimene Dziko Liona

Anthu ambiri akakhala pansi kuonera msonkhano waukulu kapena mpira pa wayilesi ya kanema, amayesa kuti akuona zonse monga momwe zikuchitikira. Koma sizili choncho ayi. Pa mwambo uliwonse umene uulutsidwa pomwepo pamakhala makamera angapo, koma chithunzi chimene chifika m'nyumba zathu pa nthawi imodzi ndi chimodzi chokha. Tsono funso loyenera kuti aphunzitsi ndi antchito a Boma alilingalire ndi ili: ndani amene asankha chimodzicho?

Kusankhako kuchitikira m'chipinda chobisika, kapena m'galimoto yaikulu yoimikidwa kunja kwa bwalo. M'menemo kamera iliyonse ili ndi sikirini yakeyake, ndipo patsogolo pa masikiriniwo pali makina otchedwa switcher m'Chingerezi. Makinawa ali ndi mizere ya mabatani: mzere wina ndi wa chithunzi chimene chikupita kwa anthu, wina ndi wa chithunzi chimene chikudikira. Woyang'anira akalamula, munthu wa pa makinawo adina batani ndipo chithunzi chisintha m'kuphethira kwa diso, kapena akoka chogwirira kuti chithunzi china chisungunukire mwa chinzake pang'onopang'ono. Pamwamba pa kamera yosankhidwayo payaka nyali yofiira, kudziwitsa wojambula kuti dziko lonse likuonera m'diso lake. Pa ntchito yotere palibe kubwereza, pakuti cholakwa chikachitika, anthu achiona kale.

Kulemera kwa udindowu kunaoneka poyera pa 2 June 1953, tsiku limene Mfumukazi Elizabeth II anavekedwa chisoti chaufumu m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London. Poyamba akuluakulu okonza mwambowo sanafune kuti makamera ayandikire ku guwa, koma pambuyo pake analola bungwe la BBC kutero. Makamera oposa 20 anaikidwa m'tchalitchimo ndi m'misewu, ndipo Peter Dimmock ndiye anatsogolera kusankha zithunzi za m'tchalitchi. Anthu oposa 20 miliyoni a ku Britain anaonera. Komabe itafika nthawi yakuti Mfumukazi adzozedwe mafuta, makamera anapatutsidwa monga mwa pangano, chifukwa gawo limenelo linayesedwa lopatulika. Anthu anaona zambiri tsiku lija, koma anaona zokhazo zimene zinasankhidwa. Ngakhale pa 6 May 2023, polonga Mfumu Charles III, kudzozako kunatchingidwa ndi nsalu.

M'masiku amenewo makina otere anali aakulu ndi a mtengo wapatali, kotero kuti mabungwe aakulu okha ndiwo anali nawo. Lero zinthu zasintha ndithu. Mu 2012 panatuluka pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa OBS, imene igwira ntchito yomweyo popanda malipiro. Mu 2019 kampani ya Blackmagic Design inatulutsa kachipangizo kotchedwa ATEM Mini, kolandira makamera anayi, pa mtengo wa madola 295 a ku America. Kuno kwathu, kumene wayilesi ya kanema ya dziko inayamba mu 1999, tsopano mipingo, masukulu ndi maofesi aulutsa okha miyambo yawo pa intaneti.

Kumeneku ndi kupita patsogolo, koma tichenjere. Makina atsika mtengo. Nzeru zosankhira sizigulidwa m'sitolo. Taganizani za msonkhano wa chitukuko pa boma lina. Kamera ina ikuloza mipando yodzaza, inzake ikuloza mipando yopanda anthu kumbuyo. Wosankha akakonda imodzi yokha, oonera adzati msonkhano unadzaza, kapena adzati anthu anaunyanyala, chonsecho palibe bodza limene lanenedwa ndi pakamwa. Momwemonso, mlendo wolemekezeka akamalankhula ndipo batani likagwera pa munthu amene akusinza, ulemu wa tsiku lonse waonongeka ndi chala chimodzi.

Chifukwa chake mkulu wa ofesi asapereke ntchitoyi kwa aliyense wodziwa kuyatsa kompyuta. Aipereke kwa munthu wodekha, wophunzitsidwa, amene wawerenga ndondomeko ya mwambo isanayambe, wodziwa amene adzalankhule ndi pamene adzaimirire, ndiponso wouzidwa bwino lomwe zoyenera kuonetsa ndi zoyenera kulemekeza. Nawonso aphunzitsi athu ali ndi mbali yawo. Monga aphunzitsa ana kufunsa kuti buku analilemba ndani, awaphunzitsenso kufunsa kuti chithunzi anachisankha ndani, ndi kuti makamera ena aja anali kuona chiyani. Mwana wophunzitsidwa chotero adzakhala nzika yovuta kuinyenga, ndipo nzika zotere ndizo dziko lizisowa.