Mbande Zimene Tinabyala mu Disembala Zili Kuti?

Mukatsika minibasi ku Marapodi mu Okutobala, coyamba cimene mumasakila ni mthunzi. Mupeza cabe ka mthunzi ka cipupa, anthu aunjikana pamenepo monga nkhuku. Koma caka ciliconse pa 15 Disembala, tsiku lobyala mitengo m'dziko lonse, mbande zimagawidwa ndipo zithunzi zimajambulidwa. Nanga mitengoyo ili kuti?

Kubyala mu Disembala sikuvuta, mvula imathilila yokha. Vuto imayamba mu Epulo mvula ikaleka. Kucoka apo mpaka Novembala, kamtengo kamadalila cigubu ca munthu. Manje mu komboni madzi ni ogula. Amai amene aima pa mzele kuyambila m'mamawa, aphike nawo kapena athile pa kamango? Ndipo kamangoko n'ka ndani? A landilodi akhala kwina, amabwela cabe kutenga lenti. Wolipila lenti naye amati adzasamuka mango asanabale. Ine niona kuti apa m'pamene mitengo yambili imafela, ciswe cimangotsiliza nchito, cifukwa cimakonda mbande imene yafooka kale na ludzu.

Nthawi zina na mvula imakana. Mbande zobyalidwa mu Disembala 2023 zinakumana na cilala cimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ni ngozi ya dziko pa 29 Febuluwale 2024.

Zina timalakwitsa tekha. Mayadi ambili kuno, ku Mandevu na ku Chaisa anadzala na zidutswa za mabuloko na phulusa la mbaula, ndiye mizu imasowa koyenda. Kumbani dzenje la masentimita pafupi-fupi 60, cotsani miyala, sakanizani dothi la pamwamba na manyowa oola bwino. Pulasitiki ija ing'ambeni, osakwilila nayo pamodzi. Ngati yadi yanu imadzala madzi mu Januwale, kwezani dothi pang'ono, cifukwa mizu yokhala m'madzi masiku ambili imaola.

M'cilimwe simufunika madzi a m'mgomo wakumwa. Otsukila mpunga na ndiwo ni okwana, malinga alibe sopo wambili. Thilani madzulo, phimbani pansi na udzu wouma. Ndipo zungulizani njelwa kapena tayala lakale: bola ya ana a pa neba siona kuti apa pali mtengo.