Tisanachulukitse, timayamba tafunsa kuti muyezowo ndi wa yani

Anthu akandibweretsera chikalata chakale cha malo, makamaka cha nthawi ya atsamunda, amayesa kuti ntchito yanga n'kungochulukitsa manambala kuti mamita atuluke. Kuchulukitsako sikuvuta. Chimene chimandidyera nthawi n'kufufuza kuti wopimayo anagwira muyezo uti.

Tiyambe ndi tcheni. Edmund Gunter wa ku England anaikonza mu 1620, yotalika mafiti 66, yolumikiza tizitsulo 100. M'mamita ndi 20.1168. Matcheni 80 amakwana mailo imodzi, ndipo munda wa matcheni 10 m'litali ndi tcheni imodzi m'lifupi ndiye ekala, yomwe ndi mahekitala 0.4047. Ine ndimaigomera nzeru imeneyi: ukachulukitsa matcheni a m'litali ndi a m'lifupi, umangogawa ndi 10, maekala n'kutuluka uli kutchire komweko. Koma chitsulo chimaperepeseka. Mphete zolumikizira zikadyeka, tcheni imatalikirako, ndipo tcheni yotero imalembetsa mtunda wochepa kusiyana ndi umene ulipodi. N'chifukwa chake ndikapeza bikoni yakale idakali pomwe anaizika, ndimaikhulupirira kuposa nambala ya papepala.

Mafiti nawonso ali pawiri. A ku England, fiti imodzi ndi mamita 0.3048, koma mapu ambiri akale a ku South Africa anapimidwa ndi fiti ya ku Cape, ya mamita pafupifupi 0.3149. Pa mafiti 1,000 kusiyana kumafika mamita 10, okwanira kudanitsa anthu oyandikana malire.

Miyezo yamakedzana ndiye imafuna kudekha kwambiri. Mkono wamba, kuchoka pachigongono kukafika kunsonga ya chala, unali masentimita pafupifupi 45, pamene mkono wachifumu wa ku Egypt, wa zikhatho 7, unali pafupifupi 52. Chingalawa cha Nowa cha mikono 300 chimakhala mamita 135 ukatenga woyambawo, kapena cha m'ma 157 ukatenga winawo. Muyezo wa Agiriki wa sitadiya nawonso unkasiyana malo ndi malo: bwalo la liwiro la ku Olympia ndi mamita 192, la ku Delphi pafupifupi 178.

Choncho abusa kapena aphunzitsi akandifunsa za mikono, ndimawapatsa manambala awiri, wam'munsi ndi wam'mwamba, ndipo masentimita sindilembako. Tcheni yokha ndiyo ndimaisintha mpaka pa milimita, chifukwa kutalika kwake kunakhazikitsidwa ndi lamulo.