"Mphasa Yanga Ili ndi Minga"

Patchuthi ndinkasoka fodya m'chigafa kwathu kwa Mwase pamene mayi ena oyandikana nafe anati, "Mphasa yanga ili ndi minga." Anzawo anaseka, iwo ayi. Ndinazindikira mochedwa kuti ankanena za ululu umene amamva akakhala malo amodzi ndi amuna awo.

Chichewa chili ndi mawu ambiri ozimbayitsa nkhani za m'nyumba, koma kuzimbayitsa sikuloza pomwe pakupweteka. Dokotala amafuna kumva ngati ndi pakhomo kapena m'kati, chifukwa magwero ake amasiyana. Ululu wa pakhomo kawirikawiri umadza chifukwa cha kuuma, makamaka mayi akamayamwitsa kapena akasiya kusamba. Mauka, bala la pobereka losapola bwino, ngakhalenso mantha amene amakungitsa minofu, nazonso zimatero. Ululu wa m'kati ungachokere ku matenda monga chinzonono, akakwera mpaka m'chiberekero.

Anankungwi ena amalangiza kupirira, ena kuika mankhwala oumitsa kuti abambo asangalale. Apa sindigwirizana nawo: kuuma kumang'amba khungu, HIV n'kupeza polowera.

Chothandiza ndi kusathamanga, kuuzana, ndi mafuta oterera opangidwa ndi madzi. Vaseline ayi, amaononga kondomu. Mayi akamaona magazi akatha kugonana apite kuchipatala cha boma cha Kasungu akayezetse khomo la chiberekero, poti khansa imatha kuonekera motero.

Ine ndinalephera kuwauza mayi aja zonsezi. Kwathu mtsikana wosakwatiwa salangiza wamkulu za m'nyumba. Ndinafotokozera azakhali anga, ndipo ndiwo anawaperekeza kuchipatala.