Umboni Wokhala ndi Tsiku Lothera: Kusamala Satifiketi ya pa Seva

Mawu Oyamba

M'chaka changa chachitatu ndidapatsidwa udindo wosamala kawebusaiti komwe ife ophunzira timasungirapo mikuluwiko, zirapi ndi nthano zomwe timatolera kumudzi patchuthi. Tsiku lina m'mamawa mnzanga adandiimbira foni akuti webusaiti yathu yabedwa. Nditatsekula ndidapeza chenjezo lodzaza tsamba lonse, lonena kuti malowa ndi osadalirika. Izi zidachitika sabata yomwe kalasi yonse imayenera kuwerenga nthanozo pokonzekera mayeso. Wakuba padalibe. Satifiketi yathu ndiyo idatha mphamvu usiku. Chidandizunguza mutu n'chakuti ndidali nditaikamo kale pulogalamu yoti izisintha satifiketiyo payokha. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza chomwe satifiketi ili, chifukwa chake imatha, momwe makina amaisinthira okha, komanso chifukwa chake makinawo amafunikabe mlonda.

Kodi Satifiketi N'chiyani?

Adiresi ya webusaiti ikayamba ndi https, ndiye kuti zomwe zikudutsa pakati pa foni yanu ndi seva zabisidwa kuti wina panjira asaziwerenge. Seva ndi kompyuta yomwe imasunga webusaitiyo n'kumaipereka kwa aliyense woifuna. Njira yobisirayi imatchedwa TLS, ndipo idachokera ku SSL yomwe kampani ya Netscape idapanga m'zaka za m'ma 1990. Seva imakhala ndi makiyi awiri ogwirizana: wina wachinsinsi yemwe satuluka m'sevamo, wina wapoyera yemwe amaperekedwa kwa mlendo aliyense.

Komatu kubisa mawu n'kopanda phindu ngati mukunong'oneza munthu wolakwika. Apa ndi pomwe pamabwera satifiketi. Iyi ndi fayilo yaing'ono momwe mwalembedwa dzina la webusaiti, kiyi wake wapoyera, dzina la bungwe lomwe laikira umboni, tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Bungwelo limasainira, ndipo bulawuza, yomwe ndi pulogalamu yotsekulira mawebusaiti monga Chrome kapena Firefox, ili ndi mndandanda wa mabungwe omwe imawakhulupirira. Zili ngati kalata ya a mfumu yochitira umboni kuti uje ndi wa m'mudzi mwawo: wolandira kalatayo samudziwa munthuyo, koma amadziwa chidindo.

Ife a zachiyankhulo tikhoza kuimvetsa bwino kudzera mwa J. L. Austin, yemwe m'buku lake la 1962 adaonetsa kuti mawu ena samangofotokoza chinthu, koma amachichita, monga kulonjeza kapena kutcha mwana dzina. Mawu otere amagwira ntchito pokhapokha atanenedwa ndi munthu woyenera pa nthawi yoyenera. Satifiketi nayo ndi yotero. Tsiku lothera likadutsa, zilembo zake zimakhala zomwezo, koma mphamvu yake yochitira umboni imakhala itachoka.

Chifukwa Chiyani Imatha?

Zifukwa zazikulu ndi ziwiri. Choyamba, kiyi wachinsinsi akhoza kubedwa, ndipo wakubayo akhoza kunamizira kukhala webusaiti yanu mpaka satifiketiyo itatha. Njira zolengezera kuti satifiketi yathetsedwa nthawi isanakwane zilipo, koma si mabulawuza onse omwe amazitsatira mokwanira. Chachiwiri, dzina la webusaiti likhoza kugulitsidwa, ndipo sibwino kuti mwini wakale akhalebe ndi umboni wa dzina lomwe si lakenso. Choncho masiku akachepa, ngozi nayo imachepa.

N'chifukwa chake masikuwa akhala akudulidwa. Mu 2018 malire adali masiku 825. Mu Sepitembala 2020 adatsika kufika pa 398. Mu Epulo 2025 bungwe la CA/Browser Forum, momwe mumakumana opereka masatifiketi ndi opanga mabulawuza, lidagwirizana kuti malirewo akhale masiku 200 kuyambira pa 15 Malichi 2026, masiku 100 kuyambira pa 15 Malichi 2027, ndi masiku 47 kuyambira pa 15 Malichi 2029. Masiku 47 akutanthauza kusintha satifiketi kosachepera kasanu ndi katatu pachaka. Munthu wodalira kalendala ya pakhoma tsiku lina adzaiwala ndithu.

Kuiwalaku si kwa ophunzira okha. Pa 6 Disembala 2018 satifiketi idatha m'mapulogalamu a kampani ya Ericsson, ndipo anthu mamiliyoni ambiri a pa netiweki ya O2 ku Britain ndi SoftBank ku Japan adakhala opanda intaneti pafoni kwa maola angapo. Pa 3 Febuluwale 2020 Microsoft Teams idaima kwa maola angapo pa chifukwa chomwechi. Choopsa kwambiri chidachitika ku Equifax, ku America, mu 2017. Satifiketi ya chida chomwe chimayenera kuunika zotuluka m'makompyuta awo idali itatha kwa miyezi yambiri, moti akuba adatulutsa mbiri za anthu pafupifupi 147 miliyoni osaoneka. Adazindikirika pomwe satifiketiyo idasinthidwa. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Momwe Makina Amasinthira Okha

Kale satifiketi imagulidwa, ndipo munthu amaiika pa seva ndi manja. Zinthu zidasintha kumapeto kwa 2015 pomwe Let's Encrypt, ya bungwe la Internet Security Research Group, idayamba kupereka masatifiketi aulere a masiku 90. Masiku ochepawa adasankhidwa dala pofuna kuti anthu asiyire makina ntchitoyi. Ndondomeko yomwe makinawa amayankhulirana imatchedwa ACME, ndipo idavomerezedwa ngati muyezo wa intaneti mu 2019. Imodzi mwa mapulogalamu odziwika oigwiritsa ntchito ndi Certbot, ya bungwe la Electronic Frontier Foundation.

Kukambiranako kumayenda motere. Choyamba, Certbot imapempha satifiketi ya dzina lakuti. Chachiwiri, bungwelo limaipatsa mayeso: iike mawu ena apadera pamalo odziwika pa webusaitiyo, kapena m'kaundula wa dzinalo wotchedwa DNS. Chachitatu, bungwelo limabwera kuchokera kunja kudzaona ngati mawuwo alipodi. Likawapeza limadziwa kuti wopemphayo ndiye akulamulira dzinalo, ndipo limasainira satifiketi yatsopano. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa. Nthawi zambiri Certbot imadzuka kawiri patsiku, koma imasintha satifiketi pokhapokha kutatsala gawo limodzi mwa magawo atatu a moyo wake, omwe ndi masiku 30 pa satifiketi ya masiku 90. Masiku 30 amenewa ndi mpata woti chikalakwika chikonzedwe mlendo asanaone chenjezo.

Nanga Ine Chidandichitikira N'chiyani?

Nditafufuza ndidapeza kuti Certbot idagwira ntchito yake bwinobwino. Satifiketi yatsopano idali m'sevamo kwa mwezi wathunthu. Vuto lidali lakuti pulogalamu yopereka masamba athu, Nginx, imawerenga satifiketi poyamba ntchito n'kuisunga m'mutu mwake. Ine ndidasankha njira yongotenga satifiketi, osalamula kuti Nginx iziuzidwa kuwerenganso. Motero yatsopano idagona m'fayilo, yakale n'kumaperekedwabe kwa alendo mpaka idatha. Kukonza kwake kudali mzere umodzi, koma manyazi adali a sabata yonse.

Pali njira zinanso zomwe kusinthaku kumalepherera. Wina akhoza kutseka khomo la nambala 80 la seva poganiza kuti akulimbitsa chitetezo, osadziwa kuti ndi pomwe bungwe lija limadzera poona mayeso. Webusaiti ikhoza kusamutsidwira ku seva ina, koloko yodzutsa Certbot n'kutsala. Malo osungira mafayilo akhoza kudzaza. Zonsezi zili ndi khalidwe limodzi: sizichita phokoso. Webusaiti imaoneka yabwino mpaka tsiku lomaliza. Kale Let's Encrypt imatumiza imelo yokumbutsa, koma idasiya mu Juni 2025. Ngakhale ikadakhalapo, ine sikadandithandiza, popeza kumbali yawo satifiketi yanga idali itasinthidwa kale.

Ntchito ya Mlonda

Phunziro lalikulu lomwe ndidatolapo ndi lakuti mlonda aime kunja kwa mpanda. Kufunsa Certbot ngati yasintha satifiketi n'kosakwanira. Funso loyenera ndi lakuti: kodi mlendo akagogoda lero apatsidwa satifiketi iti? Choncho pa kompyuta ina ndidaikapo kapulogalamu kogwiritsa ntchito OpenSSL. Tsiku lililonse kamalowa pa webusaiti yathu ngati mlendo wamba, n'kuwerenga tsiku lothera, n'kuwerengera masiku otsala.

Nambala yochenjezera iyenera kugwirizana ndi nthawi yosinthira. Popeza kusintha kumachitika kutatsala masiku 30, ndikaona 20 ndimadziwa kuti makina alephera kwa masiku khumi. Pamenepo uthenga umapita kwa anthu awiri, ine ndi mnzanga, poti mutu umodzi susenza denga. Masiku a masatifiketi akamadulidwa, nambala zimenezi ziyenera kuunikidwanso.

Mlondayo nayenso akhoza kugona. N'chifukwa chake kapulogalamuko kamatumiza uthenga Lolemba lililonse ngakhale zonse zili bwino. Lolemba likadutsa kuli zii, ndimadziwa kuti vuto lili pa mlondayo. Kuwonjezera apo, Certbot ili ndi njira yoyesera kusintha mongoyerekeza, yomwe ndimaigwiritsa ntchito ndikasintha chilichonse pa seva. Pomaliza, ndidalemba papepala masatifiketi onse omwe tili nawo, komwe ali ndi chomwe chimawasintha, chifukwa satifiketi yomwe palibe akuidziwa palibenso angaiyang'anire.

Mawu Omaliza

M'nkhaniyi taona kuti satifiketi ndi umboni womwe udapatsidwa malire dala, kuti malirewo akunka nafupika, ndiponso kuti makina amaisintha bwino kuposa munthu. Taonanso kuti makina ogwira ntchito mwakachetechete amalepheranso mwakachetechete. Nkhaniyi ikutikhudza ife a ziyankhulo chifukwa madikishonale, mawu ojambulidwa ndi nthano zomwe tikusonkhanitsa zikusungidwa pa maseva, kawirikawiri m'manja mwa wophunzira mmodzi yemwe mawa amaliza maphunziro n'kuchoka. Munthu akakumana ndi chenjezo amabwerera, ndipo ntchito ya agogo omwe adatipatsa nthanozo imakhala yosafikirika. Ine ndikuchoka chaka chino. Pepala lija ndampatsa kale wondilowa m'malo, ndipo uthenga wa Lolemba wayamba kufika pa foni yake.