Mainasi awiri ndi madzi a ku Nkopola

Mwana wa Fomu 1 amaliloweza lamuloli ngati nyimbo: negetivu kuchulukitsa ndi negetivu, yankho ndi pozitivu. Mukamufunsa chifukwa chake, amangoti, "Anatero aphunzitsi." Ife aphunzitsi a masamu nthawi zambiri timakhutira nazo, poti pa mayeso a MANEB yankho lolondola limakhala ndi malikisi ake.

Akuluakulu savomera msanga chotero. Mayi amene amatenga usipa pa ngongole kwa asodzi adzakuuzani kuti ngongole ziwiri sizinabalepo phindu. Akunena zoona, kungoti iwo akuphatikiza. Ngongole ya K5,000 ndi ina ya K3,000 zikakumana zimakhala ngongole ya K8,000. Kuchulukitsa ndi ntchito ina, ndipo palibe amene amachulukitsa makwacha ndi makwacha. Pochulukitsa, nambala iliyonse imakhala ndi udindo wakewake: imodzi imanena chimene chikuchitika, inayo imanena kuti chikuchitika kangati, ndiponso molowera kuti.

Gombe la Nkopola limaonetsa zimenezi chaka ndi chaka. Nyanja ya Malawi imadzadza nthawi ya dzinja, n'kufika pachimake cha m'ma Epulo kapena Meyi. Kuchokera pamenepo imaphwera pang'onopang'ono mpaka mvula itayambanso cha m'ma Disembala. Madzi ambiri amauma ndi dzuwa ndi mphepo, ena amatuluka mu Shire ku Mangochi, kudutsa m'nyanja ya Malombe ndi pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965, n'kukapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Msodzi amene amakocheza bwato pamalo amodzi amaona yekha mchenga ukukula mwezi ndi mwezi.

Tiyerekeze kuti tili mu Sepitembala, ndipo madzi akutsika ndi masentimita 15 pa mwezi. Kutsikako tikulemba −15. Nthawi nayo ili ndi mbali ziwiri. Miyezi yakutsogolo tiipatse pulasi, yam'mbuyo tiipatse mainasi.

Kodi pakatha miyezi itatu nyanja idzakhala pati? Ndi −15 × 3 = −45. Mu Disembala madzi adzakhala atatsika ndi masentimita 45. Apa palibe amene amatsutsa.

Nanga miyezi itatu yapitayo inali pati? Tsopano masamu ake ndi −15 × −3. Aliyense amene anali pagombe mu Juni, mwera ukukuntha, akudziwa kuti madzi anali pamwamba kuposa lero. Ngati nyanja yakhala ikutsika, ndiye kuti kale inali yodzadza. Yankho ndi +45. Mainasi woyamba akunena kuti madzi akutsika, wachiwiri akutiuza kuti tiyang'ane kumbuyo, ndipo kutsika ukakuyang'ana chobwerera m'mbuyo kumaoneka ngati kukwera.

Wina anganene kuti chitsanzocho tachita kusankha. N'chifukwa chake katswiri wa masamu amafuna umboni wosadalira nyanja. Kupita kutsogolo miyezi itatu n'kubwereranso miyezi itatu kumakusiya pomwe unali, ndiye kuti 3 + (−3) = 0. Chulukitsani zonsezo ndi −15, yankho likhalabe ziro. Koma pali lamulo limene ngakhale wogulitsa pamsika amaligwiritsa ntchito osalitchula dzina: kuchulukitsa mulu wonse n'chimodzimodzi ndi kuchulukitsa zigawo zake payekhapayekha kenaka n'kuphatikiza. Chigawo choyamba, −15 × 3, chatipatsa kale −45. Chachiwiri, −15 × −3, chiyenera kukhala nambala imene ikaphatikizidwa ndi −45 ibweretsa ziro. Nambala yotero ndi imodzi yokha, +45. Amene angaumirire kuti yankho ndi −45 adzapeza kuti −15 kuchulukitsa ndi ziro ndi −90, ndipo masamu onse a sitandade 5 agwa nawo.

Ana ena amamva msanga akaona mndandanda. 3 × −15 ndi −45, 2 × −15 ndi −30, 1 × −15 ndi −15, ndipo 0 × −15 ndi 0. Mayankho akukwera ndi 15 pa sitepe iliyonse. Sitepe yotsatira ndi −1 × −15, ndipo palibe kwina kolowera koma +15.

Amene zimamuvuta asachite manyazi, pakuti nkhaniyi inazunguza anthu ophunzira kwa zaka mazanamazana. Ku China, buku lakale la Jiuzhang Suanshu linkaphatikiza ndi kuchotsa manambala a kunsi kwa ziro zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo owerengera ankawasiyanitsa ndi timitengo tofiira ndi takuda. Ku India, Brahmagupta analemba malamulo a kuchulukitsa mu 628, akutchula manambalawo chuma ndi ngongole. Komabe mu 1758, Mngelezi Francis Maseres anasindikiza buku lotsutsa manambala a negetivu, ponena kuti amangosokoneza zinthu zomveka kale. Mlembi wa ku France, Stendhal, anadandaula m'mbiri ya moyo wake kuti aphunzitsi ake onse analephera kumufotokozera lamuloli, ndipo chimene chinamukola ndi chomwechi cha mayi wa usipa, chochulukitsa ngongole ndi ngongole.

Nyanja yathu imaphunzitsanso malire a masamu oterewa. Nambala ya −15 imagwira ntchito pokhapokha madzi akutsika mofanana mwezi uliwonse. Simungaitenge n'kubwerera nayo zaka 100, chifukwa pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inaphwera mpaka Shire anasiya kutuluka ku Mangochi, pomwe mu 2024 inasefukira n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja m'bomali. Choncho pophunzitsa ndimawauza ana kuti asanakhudze chizindikiro chilichonse, ayambe anena chimene nambala iliyonse ikuimira, komanso miyezi imene akuwerengayo.