Nsima ya munthu wodwala matenda a shuga

Abale ndi alongo amene mukutimvera ku Mangochi, ku Malindi, ku Monkey Bay ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malombe, lero tikambirane za mbale ya munthu wodwala matenda a shuga. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi nthendayi.

Ambirife timayesa kuti mdani ndi shuga wa mu tiyi yekha. Iyayi. Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata ndi mandasi, zonsezi zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Mwa munthu wathanzi kapamba amatulutsa insulini, imene imalowetsa shugayo m'minofu kuti akhale mphamvu. Mwa wodwala insuliniyo imachepa kapena sigwira bwino ntchito, tsono shuga amangounjikana m'magazi, nawononga pang'onopang'ono maso, impso ndi mapazi.

Kodi tinene kuti wodwalayo aleke nsima? Sitikutero ayi, ndipo tisamuphikire poto wakewake ngati mlendo m'nyumba mwake. Nkhani yagona pa muyeso. Mbale tiigawe chotere: theka likhale ndiwo zamasamba, monga bonongwe, nkhwani, chisoso kapena therere, theka linalo aligawane nsomba ndi nsima, mtanda umodzi wosaposa chibakera cha mwini wakeyo. Mgaiwa uposa ufa woyera pakuti gaga sanachotsedwe, koma nawonso ukachuluka umakweza shuga. Ife a kunyanja tili ndi mwayi umene ena amausirira: usipa, utaka ndi chambo sizikweza shuga, makamaka tikaziphika kapena kuziwotcha m'malo mozimiza m'mafuta. Thobwa wothira shuga ndi zakumwa zotsekemera za m'botolo, wodwala azitalikire. Pa nyengo ya mango adye limodzi laling'ono, osati beseni lathunthu pansi pa mtengo monga tizolowera.

Ndiponso pali ngozi ina imene timaiiwala. Msodzi amene wabaya insulini kapena wamwa mapiritsi ena a shuga, nalowa m'bwato usiku osadya, shuga wake angatsike kwambiri: amanjenjemera, amatuluka thukuta, mutu umasokonezeka, ndipo angakomoke pakati pa madzi. Chifukwa chake adye katatu pa tsiku pa nthawi zosasinthasintha, ndipo asayende wopanda maswiti kapena kashuga m'thumba. Pa chifukwa chomwechi, odwala samangidwa ndi lamulo la kusala chakudya pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Makatekisti, afotokozereni zimenezi. Anansi athu Achisilamu odwala nawonso ayambe aonana ndi dokotala mwezi wa Ramadan usanafike.

Inu amayi, pa ukwati ndi pa maliro pomwe, wodwala akanena kuti wakhuta, musamukakamize mtanda wachiwiri, muwonjezereni ndiwo.