Mbewa ya pa Kompyuta Ikadwala

Mwana wa ku Chipata kapena ku Katete akamva liu lakuti mbewa, aganiza za kanyama ka m'munda kamene anyamata amakumba anthu atakolola. Koma m'masukulu a ku Matero, ku Chawama ndi ku Mtendere muli mbewa ina imene siidya cimanga, ndipo siikumba una. Iyi imakhala pa tebulo pambali pa kompyuta. Munthu akaikankha ndi dzanja, kamuvi ka pa galasi la kompyuta kayendanso. Akadina batani lace, kompyuta icita cimene kamuvi kaloza. Anthu a mu Lusaka amaichula kuti mausi, ndilo liu la Cingerezi lotanthauza mbewa. Dzinali linadza cifukwa ca cingwe cace cimene cioneka ngati mcira.

Amene anayamba kuiganizira ndiye Douglas Engelbart wa ku America. Mausi yoyamba inapangidwa m'caka ca 1964 ku California, ndipo inali kabokosi kathabwa kokhala ndi timagudumu tiwiri tacitsulo kunsi kwace ndi batani limodzi lokha pamwamba. Engelbart anaionetsa kwa khamu la anthu mu mzinda wa San Francisco m'caka ca 1968.

M'caka ca 2015 ana a Giredi 9 m'Zambia analemba mayeso a phunziro la kompyuta nthawi yoyamba, ndipo m'masukulu ambiri makompyuta anali ocepa kotero kuti ana analemba mosinthana, ena alikudikira panja. Pamalo otere mausi imodzi ikaleka kugwira nchito, kompyuta yonse isanduka ngati khasu lopanda mpini, ndipo gulu la ana litaya phunziro la tsiku limenelo. Cimodzimodzi m'timashopu ta intaneti ta ku Kalingalinga, kumene anthu amalembetsa makalata ofunira nchito. Komatu mausi zambiri zimene anthu amataya ku dzala sizinafe ai, zingodwala matenda ang'ono amene mwana wa sitandade yapamwamba akhoza kuwazindikira.

Wofuna kukonza ayambe wadziwa m'mene mausi imaonera njira yace. Zakale zinali ndi kampira kolemera kunsi. Kampira kakagubuduka pa tebulo kanali kuzunguza timipini tiwiri m'kati, kena kowerenga ulendo wa kumanja ndi kumanzere, kena ulendo wa kutsogolo ndi kumbuyo. Kuyambira caka ca 1999 zinacuruka mausi za mtundu wina zopanda kampira. Izi ziri ndi kanyale, kawirikawiri kofiira, kounikira pa tebulo, ndi kadiso kakang'ono kojambula zithunzi zoposa 1,000 pa sekondi imodzi. Mausi ifanizira cithunzi ciri conse ndi cinzace cimene cinatsogola, ndipo potero idziwa kumene dzanja lalowera. Uthengawo upita ku kompyuta podzera m'cingwe, kapena mumlengalenga monga mau a wailesi ngati mausi iri yopanda cingwe.

Tsono kamuvi kakaima ciriri, funso loyamba ndi ili: kodi wodwala ndani, mausi kapena kompyuta? Dokotala wanzeru sapatsa munthu mankhwala asanamfunse pamene pamupweteka. Wokonza azule mausiyo nakailowetse pa kompyuta ina. Ikagwira nchito kumeneko, ndiye kuti iribe mlandu, colakwa ciri pa kompyuta yoyamba ija. Ayese cibowo cina ca USB, popeza zibowo zimakhwepa ndi kuzulazula, kapena azime kompyuta ndi kuiyatsanso. Ikakana kumenekonso, nthenda iri mwa iyo yomwe. Pa mayesedwe onsewa asinthe cinthu cimodzi cokha pa nthawi imodzi. Mwana wopupuluma amene asintha cibowo, batire ndi tebulo nthawi yomweyo, ngakhale mausi icire, sadzadziwa cimene cinaiciritsa, ndipo mawa adzayambanso kufufuza ngati wakhungu.

Pali mausi zina zakale za pulagi yozungulira, yobiriwira, yokhala ndi timano tisanu ndi kamodzi. Izi zifuna kuti kompyuta izime poyamba asanazilowetse, ndipo timano tace tikapindika sizigwira konse.

Mdani wamkuru wa mausi mu Lusaka ndiye pfumbi. M'miyezi ya Ogasiti, Sepitembala ndi Okutobala mphepo imanyamula pfumbi la m'miseu ya ku Kanyama ndi ku George nililowetsa m'nyumba ngakhale mazenera ali citsekere. Pfumbi likasanganikirana ndi thukuta la m'manja lisanduka litsiro lomata. Cizindikiro cace ncakuti kamuvi kayenda modumphadumpha, kapena kayenda mbali imodzi yokha. Pa mausi ya kampira, munthu apotoze kacitseko kozungulira ka kunsi, aturutse kampira, akatsuke ndi madzi a sopo ndi kukaumitsa bwino. Koma litsiro leni leni silikhala pa kampira. Likhala pa timipini tija, pamene lipanga kamzere kakuda kolimba ngati lamba. Alipale pang'ono pang'ono ndi kamtengo ka macesi kufikira timipini tiyera. Pa mausi ya kanyale nchito njapafupi: tsitsi limodzi lokha lopingasa pa kadiso likwanira kusokoneza kamuvi. Auzirepo mpweya, napukute ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi sipiriti. Madzi asalowe m'kati, ndipo asanayambe kupukuta azule cingwe.

Nthawi zina mausi iri yoyera ndithu koma tebulo ndilo lolakwa. Kadiso kafuna kuona timizere ndi timadontho ta pa thabwa kuti kazindikire kuti kasuntha. Pa galasi, kapena pa tebulo lonyezimira kwambiri, zithunzi zonse zifanana, ndipo mausi iyesa kuti iri pamalo amodzi. Pepala wamba kapena cikuto ca kope coyalidwa kunsi kwace cithetsa bvutoli popanda kulipira ngwee.

Kanyale kofiira kakazima, ndiye kuti moto sulikufika. Pano munthu acenjere, cifukwa mausi zina ziri ndi kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo kusaona kufiira sikutanthauza kuti zafa. Koma ngati kanyale kanali kuyaka dzulo ndipo lero kaphethiraphethira, aganizire cingwe. M'kati mwa cingwe ca USB muli timawaya tinai: tiwiri tonyamula moto wa mavoti 5, kawirikawiri kofiira ndi kakuda, ndi tiwiri tonyamula uthenga, koyera ndi kobiriwira. Timawayati ntating'ono ngati ulusi, ndipo timaduka makamaka pamene cingwe cilowera m'thupi la mausi, pakuti mpamene cimapindika tsiku ndi tsiku. Cikopa ca kunja cioneka cabwino bwino pamene m'kati mwaduka kale. Njira yodziwira ndiyo kugwira cingwe pakhosi pomwepo ndi kucigwedeza pang'ono, maso ali pa kanyale. Kakayaka ndi kuzima motsata dzanja, malo oduka apezeka.

Mankhwala ace ndiwo kudula kacigawo koolako ndi kulumikizanso cingwe cotsala. Zomangira za mausi zimabisika kunsi kwa kapepala ka dzina kapena kunsi kwa timapazi tace toterera, ndipo amene sadziwa ici amakanula ndi mpeni naswa cikuto. Asanacotse waya ndi kamodzi komwe, ajambule pa pepala pamene mtundu uli wonse unali, cifukwa mafakitale ena satsata mitundu yachulidwayi. Kuocherera timawaya ndi citsulo camoto si nchito ya mwana yekha. Ipite kwa mphunzitsi, kapena kwa amisiri okonza mafoni ndi mawailesi amene apezeka m'misika ya m'makomboni ndi ku City Market.

Mausi yopanda cingwe iri ndi matenda ace ace. Loyamba ndi batire lotha, kapena lolowetsedwa cozondoka. Laciwiri ndi kaswici ka kunsi kamene wina anazima osauza anzace. Lacitatu, ndipo ndilo lomvetsa cisoni, ndi kutayika kwa kacinthu kakang'ono kolandira uthenga kamene kamalowa m'cibowo ca USB. Nkakang'ono ngati cikhadabo, ndipo pa mausi zambiri zotsika mtengo ka mausi ina sikagwira m'malo mwace. Opanga anaika kacipinda kosungiramo pafupi ndi batire, koma ndi anthu owerengeka amene amakumbukira. Batire likakhalitsa m'kati limaturutsa ufa woyera umene umadya tizitsulo. Aupale ndi kusamba m'manja pambuyo pace. Batire lakutha lisaponyedwe pa moto kapena pafupi ndi citsime.

Batani nalonso limakalamba. Kunsi kwace kuli kaswici kokhala ndi kacitsulo kopyapyala kamene kamati "the" munthu akadina. Kakatopa, kudina kamodzi kuwerengedwa kawiri, ndipo zinthu zitseguka zosafunidwa. Mmisiri akhoza kucotsa kaswici kabwino pa mausi ina yakufa ndi kukaika pamenepo. Ncifukwa cace sukulu yosamala imasunga mausi zakufa m'katoni: iyi ipereka cingwe, iyo ipereka kaswici, ndipo mwa zakufa zitatu muturuka yamoyo imodzi kapena ziwiri.

Pamene mausi iri kwa mmisiri, kompyuta siyenera kungokhala. Pa kiyibodi batani la Tab lidumphitsa cosankha kucoka pa cinthu cina kunka pa cinzace, mabatani a mivi asuntha m'mwamba ndi m'munsi, ndipo Enter acita nchito ya kudina. Pa kompyuta ya Windows, mwana amene mausi yamfera ali pakati pa kulemba agwire Ctrl pamodzi ndi S, kuti zimene walemba zisungike magetsi asanazime.